KULIMBITSA THUPI MONGA COTHANDIZA KUCEPETSA MOWA

Phunziro la mwezi uno, loti liwerengedwe m'mabanja ndi m'misonkhano ya m'midzi

Palibe mudzi wopanda munthu wace wogwidwa ndi mowa. Tonse timdziwa. Kapena ndi mlimi wakhama, kapena mmisiri wa matabwa waluso, kapena mai wodziwa kulera, koma mowa ukamlowa zonsezi zitayika. Ambiri a iwo sakondwera nao mkhalidwe wao. M'mawa alumbira kuti sadzalawanso, nalumbira ndi mtima woona. Koma dzuwa likapendeka miyendo yao iwatengera komwe kuja. Mau akuti "leka" ngosabvuta kunena, ndipo womwayo wawamva kambirimbiri, kwa mkazi wace, kwa amalume ace, ndi kwa anyakwawa. Cimene cimsowa ndico yankho la funso ili: nthawi ya kumowa ikakwana, ndicite ciani?

M'phunziro lino tifuna kuyankha mbali imodzi ya funsolo. Pa zaka zapitazi madotolo ndi aphunzitsi a m'sukulu zazikuru za m'maiko ena akhala alikuyesa ngati kulimbitsa thupi, ndiko kuyenda ndawala, kuthamanga, kupalasa njinga ndi masewera ena, kungathandize munthu wamkuru kucepetsa mowa. Tidzalongosola cimene anapeza, osaonjezapo, ndipo tidzaona umo tingacigwiritsire nchito kwathu kuno. Mutu wa phunziro lonse ndi uwu: kulimbitsa thupi kuthandiza pamene kwalanda malo amene mowa unakhalamo m'tsiku la munthu, ndiwo ora lace, abwenzi ace ndi mpumulo wace.

1. Kukula kwa bvutoli

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, lochedwa WHO, linalengeza m'caka ca 2024 kuti m'caka ca 2019 anthu 2.6 miliyoni anafa cifukwa ca mowa, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Linanenanso kuti anthu ngati 400 miliyoni anali ndi nthenda ya kumwa kosadziletsa. Kuno ku Malawi, m'caka ca 2009, a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi a WHO anafunsa anthu a zaka 25 kufikira 64 m'zigawo zonse. Kunapezeka kuti amuna 3 mwa 10 ali onse anali kumwa, ndipo pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 5 anali atamwapo mopitirira muyeso m'mwezi umenewo. Akazi omwa anali owerengeka, ngati 4 mwa 100.

Maboma sanakhale cete. La Zambia linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, ndipo la Malawi linaletsa mowa waukali wa m'timapepala m'caka ca 2015, nilikhazika ndondomeko yace ya za mowa m'caka ca 2017. Malamulo otere ngabwino, koma lamulo litseka khomo la sitolo lokha. Kacasu aphikidwabe kuseri kwa nyumba, ndipo ludzu la womwayo likhala lomwe lija.

Tidziwe bwino munthu amene tirikunena. Zizindikiro zace ndi izi: akayamba kumwa salekera pamene anafuna kulekera, wayesa kuleka nalephera, mowa ulikudya ndalama za feteleza ndi za sukulu, pa nyumba pabuka ndeu, kapena iye walowa m'mirandu, aiwala zimene anacita dzulo, aiwala kumwa mankhwala ace a tsiku ndi tsiku, monga a cifuwa cacikuru kapena ma ARV. Amene adziona m'zizindikiro ziwiri kapena zitatu za izi, phunziro lino ndi lace.

2. Cifukwa cace kuleka kubvuta

Mowa ukalowa m'mimba sucedwa kupita m'mwazi, nufika ku ubongo m'mphindi zowerengeka. Kumeneko ucita zinthu ziwiri. Coyamba, uziziritsa nkhawa kwa kanthawi, kotero kuti ngongole ndi mau owawa a pa nyumba ziiwalika. Caciwiri, uutsa timadzi ta m'ubongo tochedwa dopamine ndi endorphin, timene tipatsa munthu kukondwa ndi kumphunzitsa kubwereza cimene camkondweretsa. Ubongo ndi wophunzira wacangu. Ulumikiza kukondwa kuja ndi ora limene munthu amamwa, ndi njira imene amadzera, ndi nkhope za anzace, ndi pfungo la masese. Ncifukwa cace cibaba cidziwa nthawi yace, monga nkhuku zidziwa nthawi yolowa m'khola.

Munthu akamwa zaka zambiri, ubongo wace uzolowera, nufuna mowa wocuruka kuti umve cimene unamva ndi wocepa. Zimene zinamkondweretsa kale, kuceza ndi ana, kuona cimanga cirikumasula, zizirala. Mowa ukatha m'thupi nkhawa ibwera yoposa yoyamba ija. Tulo natonso tionongeka, pakuti mowa ugonetsa msanga koma udula tulo ta pakati pa usiku ndi ta mbandakuca. Munthu adzuka wolema, tsiku lonse limtalikira, ndipo madzulo afunanso comwe camlemetsa. Potero azungulira monga mbuzi ya pa cingwe izungulira cikhomo cace.

Tsono taonani, kulimbitsa thupi kukhudza malo omwewa. Munthu akayenda ndawala kufikira thukuta, timadzi tomwe tija tiuka, ngakhale pang'ono ndi mosaononga. Nkhawa ndi cisoni zipepuka, ndipo usiku tulo tibwera tabwino. Ici ndico cinacititsa ophunzira kuganiza kuti, kapena miyendo ingathandize pamene mau alephera.

3. Zimene anapeza poyesa

Tiyambe ndi kuyesa kwakung'ono. M'caka ca 2004, ku London, Michael Ussher ndi anzace anatenga anthu 20 amene anali kulandira cithandizo coleka mowa, nawakweza pa njinga ya m'nyumba, ija munthu apalasa koma osasuntha, kwa mphindi 10. Pamene anali kupalasa molimbikako cibaba cao cinatsika, koma atatsika pa njinga kusiyanako sikunakhalitse. M'caka ca 2013, ku Exeter, m'dziko lomwelo la England, anthu omwa kwambiri anayenda ndawala mphindi 15, ndipo cilakolako cao cinacepa koposa pamene anangokhala pansi mphindi zomwezo.

Ena anayesa kwa miyezi. Ku Providence, mzinda wa ku America, Richard Brown ndi anzace anagawa pawiri anthu 49 ogwidwa ndi mowa. Gulu lina linalimbitsa thupi pamodzi kwa masabata 12. Gulu lina linangolangizidwa kuti lizitero. Zotsatira zace zinaturuka m'caka ca 2014: a gulu loyamba anali ndi masiku ocepa omwa ndi oledzera nthawi yonse imene anali kusonkhana, koma kusonkhanako kutatha kusiyana kwao kunazirala. Ku Denmark, m'caka ca 2017, Kirsten Roessler ndi anzace anafotokoza za odwala 175 amene onse anali kulandira cithandizo ca ku cipatala. Ena anaonjezerapo kuthamanga m'gulu, ena kuthamanga pa okha, ena sanaonjezere kanthu. Itatha miyezi 6 magulu atatuwo sanasiyane kwenikweni pa kamwedwe, ngakhale kunaoneka kuti amene anali kugwiritsadi nchito matupi ao sanali kumwa mopitirira monga anzao ongokhala.

Ku Stockholm, likuru la dziko la Sweden, Mats Hallgren ndi anzace a pa Karolinska Institutet anatenga anthu 140 omwa mosadziletsa amene sanali kulandira cithandizo ciri conse. Ena anacita masewera othamangitsa mwazi katatu pa sabata, ena anacita yoga, ndiwo masewera a ku India odziongola ndi kupuma mwa dongosolo, ndipo ena analandira uphungu pa lamya. Atatha masabata 12 magulu onse atatu anali atacepetsa mowa, ndipo panalibe gulu loposa linzace kwambiri. Izi zinalengezedwa m'caka ca 2022. Kale, m'caka ca 2017, Hallgren yemweyo ndi anzace anali atasonkhanitsa zoyesa 21 za anthu 1,204, napeza kuti kulimbitsa thupi kunacepetsa cisoni ndi kukometsa nyonga, koma panalibe umboni wokwanira wakuti kunacepetsa mowa.

Tikaziika pamodzi zonsezi tiphunzira zitatu. Coyamba, kuyenda kapena kupalasa kutsitsa cibaba pa nthawi yomweyo, ndipo mphindi 10 kapena 15 zikwanira. Caciwiri, phindu lace likhala pamene munthu alikupitiriza. Akaleka, liphwa monga madzi a m'dambo m'malimwe. Cacitatu, kulimbitsa thupi kucira nako mtima wolema ndi thupi lofooka, koma pa kokha sikutsimikiza kuti munthu adzaleka mowa. Tisanamizane kuti tapeza mankhwala a zonse. Tapeza khasu labwino, ndipo khasu lifuna wolima.

4. Nanga ife olima tsiku ndi tsiku?

Pano wina adzatsutsa, nati: "Inu, zimenezo nza anthu a ku Ulaya okhala pa mipando. Ine ndilima kucokera mbandakuca, ndisenza matumba, ndipalasa kabaza. Thukuta langa silicepa, koma ndimwa ndithu." Mau awa ngoona, ndipo tiyenera kuwayankha. M'kufunsa kuja kwa 2009 kunapezeka kuti Amalawi osagwiritsa nchito matupi ao mokwanira anali pafupifupi mmodzi yekha mwa 10. Kukadakhala kuti thukuta lokha licotsa mowa, m'midzi mwathu mukadakhala mopanda woledzera.

Ndiponso pali nchito zina zimene zimangidwa pamodzi ndi mowa. Pa dima anthu alima m'munda wa mnzao, malipiro ace nakhala mowa. Khasu likakula, cikho cikulanso. Anyamata ndi madoda ena asewera mpira Loweruka, napita onse kukatsuka kukhosi, opambana cifukwa ca cimwemwe, ogonja cifukwa ca cisoni. Sikuno kokha iai. Ku America anthu 150 analemba tsiku ndi tsiku za kulimbitsa thupi kwao ndi kamwedwe kao, ndipo m'caka ca 2015 kunalengezedwa kuti masiku amene analimbitsa thupi koposa ndiwo anamwanso koposa. Munthu atatopa adziuza kuti, ndagwira nchito, ndiyenera mphotho.

Cifukwa cace cinthu cacikuru sindico kucuruka kwa thukuta, koma malo amene thukutalo likhala m'tsiku. Mowa ugwira zinthu zitatu m'moyo wa womwa. Ugwira ora lace, makamaka kucokera dzuwa litapendeka kufikira mdima, ndi tsiku la msika, ndi tsiku lolandira ndalama, ndi miyezi ija ya pambuyo pa kukolola pamene nchito yacepa ndi cimera cacuruka. Ugwira abwenzi ace, pakuti kumowa ndiko kuli nkhani, bawo ndi kuseka, ndipo woleka aopa kutsala yekha. Ugwiranso mpumulo wace, pakuti sadziwa njira yina yotulira nkhawa. Kulima kwa m'mawa sikukhudza ciri conse ca zitatuzi. Koma ulendo wa ndawala wa madzulo, woyenda ndi mnzako wosamwa, uzikhudza zonse.

Citsanzo cace tiri naco. M'caka ca 2006, ku Boulder, m'dera la Colorado ku America, Scott Strode, munthu amene iye mwini anali atagwidwapo ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, anayambitsa gulu lochedwa tsopano The Phoenix. A m'gululo akwera mapiri, athamanga ndi kunyamula zitsulo pamodzi. Salipira ndalama, cofunika cimodzi ndico kuti munthu abwere atakhala maora 48 osamwa. Nzeru yace iri poyera: woleka mowa apeza anzace atsopano, ndi cifukwa cokhalira wosaledzera lero kuti mawa akalandiridwe. Nzeru yotere sifuna mapiri a ku America. Bwalo la sukulu ndi mpira umodzi zikwanira.

5. Kayambidwe kace

A WHO analangiza m'caka ca 2020 kuti munthu wamkuru azigwiritsa nchito thupi lace molimbikako mphindi 150 kufikira 300 pa sabata, kapena molimbika kwambiri mphindi 75 kufikira 150, ndi kulimbitsa minofu masiku 2 pa sabata. Mphindi 150 ndizo mphindi 30 pa masiku 5. Muyeso wa kulimbikako ngosabvuta: muyende kotero kuti mukhoza kulankhula ndi mnzanu koma simukhoza kuyimba. Wofuna kucepetsa mowa asunge malangizo awa.

Loyamba. Dziwani ora lanu. Kwa sabata imodzi lembani m'kabuku tsiku liri lonse nthawi imene cibaba cinadza, kumene munali, amene munali nao, ndi muyeso umene munamwa. Osadziwa kulemba aike timiyala m'cikho. Mudzaona kuti mdani wanu ali ndi nthawi zace.

Laciwiri. Ikani kulimbitsa thupi pa ora lomwelo. Ngati mumapita kumowa 4 koloko, nyamukani isanakwane. Musadikire kuti cibaba cifike poyamba, pakuti mlendo akakhala kale pa mphasa kumcotsa kubvuta.

Lacitatu. Pezani mnzanu. Mutu umodzi susenza denga. Akhale munthu wosamwa kapena woleka, amene adzafika pa khomo panu ndi kuodira ngakhale tsiku limene mulibe mtima wopita. Kumbukirani kuti ku Providence phindu linaoneka pamene anthu anali kusonkhana.

Lacinai. Sankhani njira. Isadzere pa malo omwera kapena pa khomo la wophika kacasu. Ndi bwino kuzungulira kutali koposa kuyesa mphamvu zanu pa pfungo. Poturuka siyani ndalama ku nyumba.

Lacisanu. Sankhani cimene mucikonda, cifukwa cosakondweretsa sicikhalitsa. Wina ayende, wina apalase njinga, wina asewere mpira, wina alowe m'gulu la mganda kapena beni ngati gululo libvina lopanda mowa. Amai angasewere nchemberembaye kapena kuyenda awiriawiri. Amene atopa kale ndi nchito yolemetsa asadzionjezere katundu. Ulendo wofatsa wa kudimba, kukathirira ndi mnzace, umkwanira, pakuti cimene cifunika kwa iye ndi kudzaza ora lija.

Lacisanu ndi cimodzi. Yambani pang'ono. Kuthamanga sikufika. Amene wakhala zaka osathamanga ayambe ndi mphindi 10, naonjezere 5 sabata iri yonse. Wodzipweteka tsiku loyamba agona masiku atatu, ndipo mowa umpeza pa mphasa.

Lacisanu ndi ciwiri. Konzeranitu comwera pobwera. Ludzu la pambuyo pa thukuta ndilo khomo limene mowa ulowera. Pa nyumba pakhale madzi, thobwa losasasa kapena tiyi, ndi cakudya, pakuti njala ikuza cibaba. Gulu la mpira lipangane poyera kuti potha masewera onse amwa thobwa pa bwalo pomwepo, nabalalika kunka kwao.

Lacisanu ndi citatu. Cibaba cikakudzidzimutsani pa nthawi yina, imirirani, turukani, yendani ndawala mphindi 15. Cibaba cikwera, cifika pa msonga, nicitsika. Sicikhala pamwamba tsiku lonse. Cikabweranso, yendaninso.

Lacisanu ndi cinai. Ndalama imene mukadamwera ipatseni kwa amai a ku nyumba kapena muiike ku banki m'khonde tsiku lomwelo. Pakutha pa mwezi muione ndi maso. Nsapato, mpira kapena thumba la feteleza zogulidwa ndi ndalama yotere zilalikira koposa mau athu.

Lakhumi. Konzekerani dzinja. Mvula ikagwa madzulo musati lero palibe. Pa khonde mukhoza kukhala ndi kunyamuka pa mpando kambiri, kukankha khoma ndi manja, kapena kudumpha cingwe.

6. Macenjezo

Pali anthu amene sayenera kuleka mowa mwadzidzidzi pa okha, ndipo cenjezo ili likhudza moyo. Amene amwa kwambiri tsiku ndi tsiku, nanjenjemera manja m'mawa kufikira atalawako, thupi lace lafika podalira mowa. Akaleka kamodzi, m'maora 6 kufikira 24 ayamba kunjenjemera, kucita thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Ena agwa monga wa khunyu. Ena, pa tsiku laciwiri kapena lacitatu, asokonezeka mutu, naona zinthu zimene palibe, nabwebweta, thupi liri moto. Awa si matsire, ndiponso si ufiti. Ndi nthenda yokhoza kupha, ndipo kuthamanga sikuiciza. Munthu wotere ayambe wapita ku cipatala, kumene ampatsa mankhwala oziziritsa thupi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Kulimbitsa thupi kudze pambuyo pace. A Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi nchito yothandiza ogwidwa ndi mowa, ndipo cipatala ca boma ciri conse cikhoza kumuona munthu ndi kumtumiza koyenera.

Caciwiri, tisakhulupirire kuti thukuta liturutsa mowa. Magawo oposa 9 mwa 10 a mowa aphwanyidwa ndi ciwindi, ndipo ciwindi cigwira nchito pa liwiro lace. Botolo limodzi laling'ono licitengera nthawi yoposa ora. Cimene cituruka ndi thukuta, mpweya ndi mkodzo ncocepa. Wothamanga m'mawa salipira nako kuledzera kwa dzulo.

Cacitatu, munthu asasewere, asasambire m'nyanja kapena mumtsinje, asakwere njinga pa mseu ali woledzera kapena ali ndi matsire. Mowa uumitsa thupi, usokoneza kugunda kwa mtima, ndi kucedwetsa maso ndi miyendo.

Cacinai, amene ali ndi nthenda ya mtima, ya shuga kapena ya kuthamanga kwa mwazi, ndi amene atupa miyendo kapena mimba, kapena maso ace asanduka acikasu, afunse a cipatala asanayambe. Ndipo ali yense akamva kupweteka m'cifuwa, cizungulire kapena kubanika ali pa ulendo, aime pomwepo, napite kukapimidwa. Mai woyembekezera asamwe konse, pakuti mowa ufika kwa mwana ali m'mimba.

7. Mau kwa a pa banja ndi akuru a mudzi

Inu amai amene amuna anu ayamba ulendo uwu, ndi inu abambo amene akazi anu amwa mobisa, musaseke poona munthu wamkuru alikuyenda ndawala wopanda katundu pa mutu. Anthu adzanena kuti wapenga, kapena kuti afuna kubwerera ku unyamata. Mau otere abweza ambiri. Inu mukhale oyamba kumlimbitsa mtima, ndipo ngati nkutheka mupite naye.

Akagwa, pakuti ambiri amagwa kamodzi kapena kawiri asanaime, musati zonse zapita pacabe. Masiku 20 amene anakhala wosamwa sanafafanizidwe. Ciwindi cace cinapuma, ana anadya, ndipo iye anaphunzira kuti nkotheka. Mumfunse mofatsa kuti cinamgwetsa nciani, kaya maliro, kaya malipiro, kaya mnzace wakale, ndipo m'mawa mwace mnzace wa pa ulendo afike pa khomo monga mwa masiku onse. Koma ngati kumwa kwace kufika pa kumenya, mkazi ndi ana asapirire mwakacetecete. Auze ankhoswe, amfumu kapena apolisi, pakuti moyo wao suyenera kudikira kucira kwa wina.

Inu mafumu, aphunzitsi ndi akuru a mpingo, muli ndi mabwalo. Bwalo la sukulu likhala lopanda anthu madzulo, ora lomwe lija limene kumowa kudzaza. Kuitana madoda kuti adzasewere kawiri kapena katatu pa sabata sikufuna ndalama zambiri. Pa dima, mwini munda akhoza kuphika nsima, ndiwo ndi thobwa. Tikumbukirenso amai ophika mowa, amene ambiri a iwo aphika cifukwa ca sopo ndi fizi ya ana. Pamene pasonkhana anthu osewera ndi oonerera, pamenepo pali msika wa thobwa, zitumbuwa ndi mtedza. Mudzi umene upatsa anthu ace cocita madzulo wathandiza womwa koposa mudzi umene ungomdzudzula.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu anthu amwa kwambiri pa ora liti, tsiku liti, ndi miyezi iti?
2. Chulani zinthu zitatu zimene mowa ugwira m'moyo wa womwa. Kodi kulima kwa m'mawa kulekeranji kuzikhudza?
3. Kodi anapeza ciani ku London, ku Providence ndi ku Stockholm? Nanga ncifukwa ninji sitinena kuti kulimbitsa thupi ndi mankhwala a zonse?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zionetsa kuti munthu ayenera kupita ku cipatala asanaleke mowa?
5. Ndani m'mudzi mwanu amene mungafike pa khomo pace sabata ino ndi kumuitana kuti muyende naye? Mudzafika tsiku liti, ndi nthawi yanji?